Khola la Chamounix: Ana a M'makwalala a Philadelphia ndi Masewera a Polo

Zaka zana zapitazo, mkaka, malasha, ayezi, buledi ndi ndiwo zamasamba zinkafika pamakomo a anthu mumzinda wa Philadelphia, ku United States, pa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Pakati pa ogwira zingwe za akavalowo, owasambitsa, owaveka nsapato zachitsulo ndi owapalira ndowe m'makola panali anthu akuda ochuluka ndithu. Ambiri anali atangofika kumene kuchokera kummwera kwa dzikolo, ku Virginia, ku Carolina ndi ku Georgia, kumene iwo ndi makolo awo analima minda ya azungu ndi akavalo ndi nyulu kuyambira nthawi ya ukapolo. Ankathawa malamulo a tsankho, ngongole za pamunda zosatha, ndi magulu a anthu opha akuda popanda mlandu. Mu 1910 mu Philadelphia munali anthu akuda pafupifupi 84,000. Pofika 1930 anali atakwana pafupifupi 220,000. Chuma sanabwere nacho. Anabwera ndi zimene manja awo ankadziwa, ndipo chimodzi mwa izo chinali kavalo.

Luso limeneli silinathere pa ngolo. Mpikisano wotchuka wa liwiro la akavalo wa Kentucky Derby utachitika koyamba mu 1875, mwa okwera 15 amene anapikisana, 13 anali akuda, ndipo anapambana ndi Oliver Lewis, mnyamata wa zaka 19, pa kavalo wotchedwa Aristides. Pa mipikisano 28 yoyambirira, 15 inapita kwa okwera akuda. Isaac Murphy yekha anapambana katatu, mu 1884, 1890 ndi 1891. Jimmy Winkfield anapambana mu 1901 ndi 1902, ndipo chichokereni pamenepo palibenso wokwera wakuda amene wapambana mpikisanowu. Luso linalipobe. Chinasintha ndi ndalama. Zitayamba kuchuluka pa masewerawa, okwera achizungu anayamba kupanikizira anzawo akuda kumpanda liwiro lili m'kati, kuwakwapula ndi zikoti, kuwatsekera njira, ndipo eni akavalo, poopa kuti ziweto zawo zodula zivulala, anasiya kuwalemba ntchito. Winkfield anasamukira ku Russia mu 1904, kenako ku France. Otsala anabwezedwa kukhola, kukasambitsa, kudyetsa ndi kupala ndowe, ntchito zimene sizioneka pa chithunzi cha wopambana. Kumadzulo kwa dzikolo nako, akatswiri a mbiri yakale amati mwa abusa a ng'ombe oyenda pa akavalo aja, pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali wakuda, koma mafilimu a ku Hollywood anatipatsa pafupifupi azungu okhaokha.

Ndayambira kutali chonchi mwadala. Nkhani ya ana osauka a m'mizinda amene akuphunzira kukwera akavalo imakambidwa kawirikawiri ngati mphatso yochokera kwa olemera kupita kwa anthu oti kavalo sanamukhudzepo chibadwire. Mbiri sikuvomereza zimenezo. Chingwe cha kavalo chinali m'manja mwa agogo a ana amenewa, chinachita kulandidwa.

Malole atalanda ntchito ya ngolo, makamaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, makampani a mkaka ndi ophika buledi anagulitsa akavalo awo n'kutseka makola. Koma ena mwa anthu amene anakulira m'makolamo sanafune kusiyana nazo ziwetozo. Anayamba kusunga kavalo mmodzi kapena awiri kuseri kwa nyumba, m'magalaja akale, m'nyumba zosungiramo katundu zomwe eni ake anazisiya. Kumpoto ndi kumadzulo kwa mzindawu kunabuka timakola tambiri totere, tomangidwa ndi matabwa otola ndi malata akutha, tambiri pa malo oti zikalata zake zinali za anthu ena kapena za mzinda. Akavalo ankawagula motchipa kumsika wa ziweto wa New Holland, m'boma la Lancaster, komwe kavalo wokalamba kapena wolephera pa mpikisano akasowa womukonda amathera m'manja mwa ogula nyama. Kumapeto kwa sabata ankakathamangitsana pa kanjira kowongoka ka mu Fairmount Park komwe amakatcha Speedway. Makola odziwika kwambiri anali a mumsewu wa Fletcher, m'dera la Strawberry Mansion. Kumeneko Bambo Ellis Ferrell, amene anachokera ku Florida, anakhala zaka zambiri akugula akavalo ndi ndalama za m'thumba mwawo n'kumaphunzitsa ana a m'deralo kukwera, mpaka mu 2004 gululo linakhazikika ndi dzina la Fletcher Street Urban Riding Club. Sukulu yake inali yopanda mabuku. Mwana ankafika, kuima chapatali n'kumayang'ana, mkulu wina n'kumupatsa fosholo.

Masewera a polo anayenda njira ina, ya kumtunda. Anayambira ku Persia zaka zoposa 2,000 zapitazo pakati pa mafumu ndi asilikali apakavalo. Angerezi anawapeza ku Manipur, kumpoto chakum'mawa kwa India, komwe anthu a kumeneko ankasewera pa akavalo awo aafupi. Anatsegula kalabu ku Silchar mu 1859, ina ku Calcutta mu 1862, ndipo asilikali anakafikitsa masewerawa ku England mu 1869. Ku America anabwera nawo ndi James Gordon Bennett Jr., mwini nyuzipepala ya New York Herald, mu 1876, ndipo bungwe lowayendetsa m'dzikomo, United States Polo Association, linabadwa mu 1890.

Wofuna kumvetsa chifukwa chake masewerawa anakhala a anthu olemera angoona mmene amaseweredwera. Bwalo lake ndi lotalika mamita 274, m'lifupi mamita 146, udzu wometedwa bwino, malo oti n'kuyalapo mabwalo asanu a mpira wamiyendo. Timu iliyonse imakhala ndi osewera anayi. Aliyense amagwira zingwe za kavalo kumanzere, kumanja ndodo yaitali ya mutu wa mtengo wolimba, ndipo lamulo sililola kumenya ndi dzanja lamanzere ngakhale munthu akhale wamanzere, kuopa kuti awiri angawombane maso ndi maso. Mpira ukamenyedwa umasiya mzere wosaoneka umene woyimbira amaulondola ndi maso. Kudula mzere umenewo kutsogolo kwa amene njira ili yake ndi mlandu, chifukwa pamenepo ndi pomwe akavalo awiri ali pa liwiro angagundane. Chololedwa ndi kukankhana phewa ndi phewa, kavalo kutsamira mnzake mpaka amuchotse pamzere, kapena kukola ndodo ya mdani ndi yako iye asanamenye. Masewera amagawidwa m'zigawo za mphindi 7 zotchedwa chukka, ndipo liwiro lake ndi lolemetsa moti chukka ikatha wosewera amatsika n'kukwera kavalo wina. Ndalama zagona apa. Munthu mmodzi amafuna akavalo angapo pa masewera amodzi, aliyense wophunzitsidwa kwa zaka, wofuna udzu ndi chakudya, dokotala wa ziweto, nsapato zatsopano pakapita masabata ochepa, lole yomunyamulira ndi wantchito womusamala. Mwana wa mayi wolera yekha ana wa ku West Philadelphia analibe polowera.

Khomo linatseguka kudzera kwa Mayi Lezlie Hiner, mzungu amene anagwirapo ntchito m'makola a akavalo a mpikisano ndipo kununkha kwa ndowe sikunali kwachilendo kwa iwo. Mu 1994 anabwereka kwa akuluakulu a mzinda khola la Chamounix, lomwe kale munkagona akavalo a apolisi. Kholali lili m'kati mwa Fairmount Park, nkhalango yaikulu ya mzindawu yomwe yayala mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Schuylkill. Malowa ndi odabwitsa. Munthu ukaima pakhomo pa khola umaona mitengo, udzu ndi tinjira, koma ukayenda mphindi zochepa pa njinga wafika m'madera ena osaukitsitsa a mzinda umene kwa zaka zambiri unali wosauka kwambiri mwa mizinda khumi ikuluikulu ya America. Bungwe lawo analitcha Work to Ride, ndipo pangano lake lili m'dzinamo: gwira ntchito, ukwere.

Mwana amalowa ali ndi zaka 7 kapena kuposerapo, ndipo cholinga n'choti akhale mpaka atamaliza sekondale. Salipira kanthu. Malipiro ake ndi thukuta ndi lipoti la kusukulu. Amabwera akaweruka kusukulu ndiponso kumapeto kwa sabata, ndipo asanakhudze chishalo ayenera kupala ndowe ndi zoyala zonyowa n'kukataya pa wilibala, kuyala zouma, kutsuka zidebe, kugawa udzu ndi chakudya, kupesa kavalo ndi bulashi, kutukula phazi lililonse n'kuchotsa matope ndi timiyala m'chiboda, kupukuta zikopa za chishalo ndi zingwe kuti zisaume n'kusweka. M'nyengo yozizira madzi a m'zidebe amaundana, ndipo wina ayenera kuwaswa ndi manja ozizidwa kuti ziweto zimwe. Magiredi akatsika kusukulu, kukwera kumaima kufikira atakwera. Ndalama zoyendetsera zonsezi zakhala zikuchokera kwa anthu akufuna kwabwino ndiponso kwa anthu olipira amene amabwera kudzaphunzira kukwera pa khola lomwelo, ndipo akavalo ambiri ndi opatsidwa: ena opuma pa mipikisano ya liwiro, ena okalamba pa polo.

Mphamvu ya dongosololi ili m'chikhalidwe cha kavalo mwiniwakeyo. Ndi nyama yolemera makilogalamu 450 kapena 500, koma mtima wake ndi wa nyama yosakidwa, moti pepala louluka ndi mphepo limatha kumudzidzimutsa. Amamva mantha ndi mkwiyo wa munthu kudzera m'dzanja logwira chingwe ndi m'miyendo yomupana. Mnyamata amene anaphunzira mumsewu kuti ulemu umapezeka ndi mawu okweza ndi chibakera amapeza kuti pa kavalo zimenezo zimangomugwetsa pansi. Kuti chinyama chachikuluchi chimumvere ayenera kuyamba wadziletsa yekha, kupuma bwino, kufewetsa dzanja. Ndiponso kavalo ndi wosalimba m'kati monga mmene amaonekera kunja. Sasanza, choncho akadya zosayenera kapena akapanda kumwa madzi okwanira, m'mimba mumamupota ndipo atha kufa usiku umodzi. Mwana amene waona kavalo wake akuvinizika pansi ndi ululu safunanso kukumbutsidwa za chidebe cha madzi. Wowerenga amene anakulira kumudzi kwathu kuno akuzidziwa izi popanda kuuzidwa. Wobusa ng'ombe sangaziuze kuti lero ndatopa tipita kudambo mawa, ndipo m'madera ena mnyamata amene wabusa ng'ombe za mwini kwa nthawi yaitali amapatsidwa kamwana ka ng'ombe kakhale kakekake. Pa Chamounix kamwana ka ng'ombeko ndi nthawi ya pachishalo.

Palinso china chimene sichitchulidwa mokwanira, ndicho zaka. Mapulojekiti ambiri a achinyamata amatenga mwana kwa miyezi itatu, kumujambula chithunzi, n'kutseka lipoti. Pa Chamounix mwana wolowa ndi zaka 8 amatha kupeza munthu wamkulu yemweyo, pakhomo lomwelo, zaka khumi zotsatizana. Mayi Hiner anakhala mphunzitsi, dalaivala, wolankhula ndi aphunzitsi akusukulu, wofunafuna thandizo la fizi, ndipo nthawi zina wopereka pogona kwa mwana amene kwawo kwavuta. Kwa ine, gawo ili ndi lolemera kuposa zikho zonse zimene zinabwera pambuyo.

Polo sanali m'malingaliro oyamba. Anawo anaona masewerawa, anawakonda, n'kuyamba kumenya mpira ndi ndodo zobwereka, ndipo mu 1999 Work to Ride inapanga timu ya polo ya achinyamata akuda okhaokha, yoyamba m'dzikomo. Zimene zinawapatsa mpata ndi mtundu wa polo umene sukulu za ku America zimasewera. Suseweredwa pa bwalo la udzu lalikulu lija ayi, koma m'bwalo lamchenga lozunguliridwa ndi khoma, lotalika pafupifupi mamita 90, osewera atatu mbali iliyonse, ndi mpira wopopa umene umagunda khoma n'kubwerera. Chofunika koposa n'chakuti pa mipikisano ya sukulu matimu amasinthana akavalo. Kavalo amene wakwera iwe mu chukka ino, mdani wako amukweranso pambuyo pake. Ndiye kuti mwana wa mpondamatiki sangapambane chifukwa choti bambo ake anamugulira kavalo wabwino koposa. Wopambana ndi amene angakwere kavalo wachilendo n'kumvana naye m'mphindi zochepa. Ana a pa Chamounix, amene anakulira pa akavalo opatsidwa, ena ouma pakamwa, ena amantha, ena aukali, anali ataphunzira kale zimenezo osadziwa kuti zidzawathandiza.

Komabe zaka zoyamba zinali zogonja, nthawi zina ndi zigoli zambiri. Analibe bwalo lofolera lawolawo, choncho chipale chikagwa kapena nthaka ikaundana ankasowa pokonzekera, pomwe adani awo ankasewera chaka chonse. Ankayenda maola pa galimoto kukabwereka mabwalo a ena, kuphatikizapo ku Cowtown m'chigawo cha New Jersey, n'chifukwa chake pa mipikisano timuyi inkadziwika kuti Cowtown/Work to Ride. Ankafika pa makalabu ndi nsapato ndi zipewa zopatsidwa, n'kupeza kuti anthu akuda ena amene ali pamalopo ndi ogwira ntchito basi.

Banja la a Rosser ndi limene linadzanyamula dzina la kholali. Kwawo kunali m'dera la West Philadelphia lotchedwa The Bottom. Anyamata awiri aakulu a m'banjamo anatulukira kholali mwangozi akuyenda pa njinga mu Fairmount Park, kenako anakoka ang'ono awo. Kareem anayamba ali ndi zaka 8, ndipo iye mwini amanena kuti poyamba akavalo ankawaopa. M'buku lake lotchedwa Crossing the Line, lomwe linatuluka mu 2021, sanabise za mankhwala ozunguza bongo, ndende ndi chiwawa zimene zinazinga banja lawo, ngakhalenso zoti akulu ake aja, amene anali ndi luso lalikulu pa kavalo, anasiya pulogalamu msewu utawakoka. Khola silinathe kutchinga aliyense. Mu 2003 mtsikana wa zaka 14, mmodzi mwa okwera aluso kwambiri pa Chamounix, amene ankalota zodzakwera pa mipikisano ya liwiro, anaomberedwa m'nyumba ya kwawo pamodzi ndi mayi ake ndi bambo amene ankakhala nawo. Anzake, ana anzake, anabwerera kukhola chifukwa akavalo ankafuna kudya. Wolemba mbiri ya bungweli n'kudumpha maliro amenewa wanama.

Kareem ndi mng'ono wake Daymar anapeza thandizo lokaphunzira pa sukulu yogonera komweko ya Valley Forge Military Academy, kunja pang'ono kwa mzinda, uku akusewererabe timu ya Mayi Hiner. Mu Malichi 2011, ku Virginia Polo Center mumzinda wa Charlottesville, Kareem wa zaka 18, Daymar wa zaka 16 ndi Brandon Rease wa zaka 15 anakumana ndi timu ya Baltimore mu ndime yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse wa sukulu za sekondale. Anapambana ndi zigoli 24 kwa 17. Kanali koyamba m'mbiri ya United States Polo Association kuti timu ya akuda okhaokha itenge chikho chimenechi, patatha zaka 121 bungwelo libadwire. Chaka chotsatira Work to Ride inatenganso chikhocho. Kareem anapita ku Colorado State University, komwe mu 2015 anatsogolera timu yake kupambana mpikisano wa dziko lonse wa mayunivesite, iye n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana wa chakacho. Daymar nayenso anapambana mpikisano womwewo ndi timu ya Roger Williams University mu 2017.

Mtsikana nayenso anatuluka pa khola lomweli. Shariah Harris anafika ali mwana mayi ake atasokera njira pa galimoto mu Fairmount Park n'kutulukira pa Chamounix. Anakaphunzira ku Cornell University, ndipo mu 2017, ali ndi zaka 19, anasewera mu Silver Cup ku Greenwich Polo Club m'chigawo cha Connecticut, kukhala mkazi wakuda woyamba kusewera polo wa mulingo wapamwamba m'dzikomo. Pambuyo pake anaphunzira unamwino. Mfundo yomalizayi imandisangalatsa kuposa yoyambayo, chifukwa ana ambiri odutsa pa Chamounix sadzadya za polo. Chimene bungweli limalonjeza ndi kumaliza sekondale ndi kupeza poyambira moyo. Ena mwa anawa anakafika mpaka ku Nigeria kukasewera, dziko limene polo wakhala akuseweredwa kwa zaka zoposa zana ndipo kumpoto kwake mafumu a ku Katsina anamulandira kalekale. Kwa mwana amene anakula akumva kuti masewerawa si a mtundu wake, kuona bwalo lodzaza osewera, eni akavalo ndi oonerera akuda sichinali chinthu chaching'ono.

Kutchuka kunabwera ndi zake. Mawayilesi a kanema anafika, ndipo mu 2019 kampani ya zovala ya Ralph Lauren, imene chizindikiro chake ndi munthu wa polo pa kavalo, inaika okwera a Work to Ride pa zithunzi zake zotsatsa malonda n'kuperekanso thandizo. Ndalamazo zinathandiza, palibe wokana. Koma funso lina silingazembedwe. Kusamala kavalo mmodzi kwa chaka kumadya ndalama zambiri, ndipo ana amene pulogalamu ngati iyi ingawasunge pa nthawi imodzi ndi makumi ochepa chabe, mumzinda wa anthu oposa 1.5 miliyoni momwe mu 2021 mokha anthu 562 anaphedwa, ambiri ndi mfuti. Amene anganene kuti akavalo ndiwo mankhwala a umphawi ndi mfuti za Philadelphia akuwasenzetsa katundu wa boma, wa sukulu ndi wa olemba ntchito. Ine ndimaima ndi kholali pa chifukwa china. Kuthandiza ana ochepa mozama kwa zaka khumi ndi ntchito ina, kugawira ana zikwi kanthu kamodzi ndi ntchito inanso, ndipo mzinda umafuna zonse ziwiri. Yoyambayo ndi imene imasowa oichita chifukwa ndi yochedwa kuonetsa zipatso.

Nkhani ya msewu wa Fletcher imaonetsa chimene chimapha kapena kusunga ntchito yotereyi, ndicho malo. Work to Ride inali ndi pangano ndi mzinda, denga lokhazikika ndi nkhalango pakhomo. Okwera akale a kumpoto kwa mzinda, amene mwambo wawo ndi wa mibadwo itatu kapena inayi, ambiri analibe chikalata chilichonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mzinda utayamba kugwetsa nyumba zosiyidwa ndi kupereka malo kwa omanga nyumba zatsopano, makola a ku Brewerytown anatha. Mu 2008 akuluakulu a mzinda ndi bungwe loteteza nyama anafika pa Fletcher potsatira dandaulo, ndipo makola ena anagwetsedwa. Patapita zaka, bwalo lopanda nyumba lomwe akavalo ankadyapo msipu linatengedwa kuti pamangidwe nyumba za okalamba. Nyumba za okalamba n'zofunika, ndipo palibe wanzeru angazitsutse, koma zimapweteka kuona kuti anthu amene anasunga ana a m'deralo kwa zaka zambiri popanda malipiro ndi amene nthawi zonse ankauzidwa kuti asunthe. Filimu ya Concrete Cowboy, momwe Idris Elba anasewera ngati bambo wokwera akavalo ndipo okwera ena enieni a m'deralo anaonekamo, inafika pa Netflix mu 2021 n'kudziwitsa dziko lonse za mwambowu pa nthawi yomwe malo ake anali kuchepa. Filimuyi inachokera pa buku la G. Neri la mu 2011 lotchedwa Ghetto Cowboy.

Philadelphia sali yekha. Ku Compton, pafupi ndi Los Angeles, Mayi Mayisha Akbar anayambitsa Compton Junior Posse mu 1988 m'dera la Richland Farms, komwe malamulo akale a malo amalolabe kuweta ziweto kuseri kwa nyumba, ndipo ana ena a gululi atakula anapanga gulu la Compton Cowboys. Ku Brixton, mumzinda wa London, Mayi Ros Spearing anayamba Ebony Horse Club mu 1996 pomatenga ana kupita nawo ku makola akutali, mpaka mu 2011 anatsegula khola lawolawo pakati pa nyumba zosanjikizana ndi njanji. Kumeneko n'kumene Khadijah Mellah anaphunzirira, mtsikana amene pa 1 Ogasiti 2019, ali ndi zaka 18, atavala hijabu pansi pa chipewa chake, anapambana Magnolia Cup ku Goodwood pa kavalo wotchedwa Haverland. Pafupi ndi kwathu, ku Soweto, Bambo Enos Mafokate, amene anayamba ngati wantchito wosamala akavalo a azungu m'nthawi ya tsankho n'kudzakhala katswiri wakuda woyamba wa masewera olumphitsa akavalo ku South Africa, anatsegula Soweto Equestrian Centre mu 2007. Ku malo onsewa ntchito inayamba ndi munthu mmodzi wouma mutu, ndipo inakhazikika pokhapokha pamene anapeza nthaka yoti sadzathamangitsidwapo.

Kareem Rosser atamaliza yunivesite anagwira ntchito ya zachuma ku Philadelphia komweko, n'kubwereranso ku Chamounix kudzathandiza kufunafuna ndalama zoyendetsera bungwe limene linamulera. Mu Sepitembala 2022 iye ndi anzake anakonza Philadelphia Polo Classic pa bwalo la Edgely mu Fairmount Park, masewera a polo wa paudzu m'kati mwa mzinda, pomwe katswiri wa ku Argentina Nacho Figueras anasewera limodzi ndi achinyamata amene anakulira pa kholali. Anthu a ku Strawberry Mansion ndi West Philadelphia anatha kufika wapansi kudzaonerera ana a kwawo. Ndalama zimene zinapezeka zinali za pulogalamuyi ndi za ntchito imene Mayi Hiner anaidikira pafupifupi zaka 30: kukonza khola lakale la apolisi lija ndi kumanga bwalo lofolera pa Chamounix, kuti ana azitha kukonzekera masewera chipale chikagwa ndiponso kuti bungweli lithe kulandira ana ambiri kuposa amene khola lakale linkakwanitsa.